Mailesi, Chigumu Chake ndi Mwana Wanga

Mukafika kwathu kwa Zemba n'kufunsa za Mailesi, aliyense adzakuuzani za chigumu chake, ngati kuti ndiye anayambitsa kuphika chigumu padziko pano. Palibe amene adzakuuzeni kuti anali mlesi, kuti m'munda mwake mwa mtedza udzu unkafika m'chiuno, kapena kuti ankaseka mokweza ngakhale kusiwa. Zimenezo ndikuuzani ndine Lonia, mkulu wake bere limodzi, chifukwa ndinakula naye pamphasa imodzi.

Chibadwire Mailesi anali ndi dzanja lamwayi. Ine ndinkasinja mpaka matuza m'manja, iye n'kungobwera kudzathira mchere m'ndiwo, anthu n'kumati Mailesi amadziwa kuphika. Ine ndinapita kusukulu ya mishoni mpaka kudziwa kuwerenga Baibulo ndi kusoka. Iye anathawa chaka choyamba chomwe, akuti benchi linkamupweteka. Anakwatiwa ndi Eneya, mnyamata wokongola ngati iye yemwe, amene sanakhalitse pachikamwini. Eneya anapita ku Halale kukafuna ntchito, n'kutumiza bulangete kamodzi, kenako zii. Mwana sanamusiyire. Mailesi analira pang'ono, n'kupukuta misozi, n'kuyamba kuphika zigumu zogulitsa pamowa ndi pamsika wa mtedza. Pasanapite nthawi nkhope inasalala kuposa kale, ndipo ine zinkandinyansa kuti ngakhale kusiyidwa kunamukhala.

Ine ndinakwatiwa ndi aphunzitsi, a Manase. Anandipempha kwa amalume kuti ndikakhale nawo kusukulu kumene ankaphunzitsa, kwa Mlolo, ndipo kumeneko ndinaona kuti tsopano ndamupitirira mng'ono wanga. Mkazi wa abusa anatiphunzitsa ife amayi a Chigwirizano kuphika masikono a fulawa, ufa wa tirigu uja. A Manase akapita ku tauni ya Fort Jameson ankabwera ndi kathumba kake kuchokera m'sitolo za amwenye, ine n'kukasunga m'chitini chotseka bwino. Masikono anga ankafufuma, ndipo zimenezo sindikudzitama, funsani aliyense.

Mwana wathu Idesi anabadwa mu 1951. Atasiya kuyamwa, ndinalumbira kuti wanga sadzadzuka ndi mbatata yozizira ngati ana a m'mudzi. M'mawa uliwonse ankadya sikono yoviika m'tiyi. Koma mwana uja m'malo monenepa anayamba kufota. M'mimba osatseka, mimba yotupa, timikono ngati bango, tsitsi lofiira. Kuchipatala anatipatsa mankhwala a njoka zam'mimba, osathandiza. Amayi a pafupi ndi sukulu anayamba kunong'ona za tsempho, matenda aja amati amagwira mwana kholo likayenda njira zosayenera, ndipo ankawayang'ana a Manase cham'mbali. Ine poona mwana akuwonda ndinkawonjezera masikono, ndimati akusowa chakudya chabwino. Ndikanadziwa bwanji?

Tsiku lina Mailesi anatulukira, dengu lili pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Anamuyang'ana Idesi, kuseka kwake konse kuja n'kutha.

"Akulu," anatero, "mwanayu mundipatseko, akasinthe mphepo kumudzi."

"Akadya chiyani kwa iwe?" ndinamufunsa.

"Zomwe ndidya ine. Kodi mwaona ndawonda?"

A Manase anavomera msanga, chifukwa manong'onong'o aja anali atawatopetsa. Inenso ndinalola, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti sabata siitha asanamubweze. Mailesi anali asanalerepo ngakhale mwanapiye.

Sanamubweze. Titatha kukolola ndinanyamuka kukamuona, ndipo polowa m'mudzi ndinakumana ndi kamtsikana kakuthamangitsa nkhuku, masaya ali tutumu, miyendo yamphamvu. Ndinakadutsa. Mailesi ndiye anafuula ali pakhonde: "Akulu, mwadutsa mwana wanu!" Ndinakondwera, Mulungu ndi mboni, ndinagwada pansi n'kulira. Koma pansi pa chimwemwecho panali kena kake kotentha. Ine wa chitini cha fulawa ndinalephera, ndipo mlesi uyu, wa mphika umodzi wong'aluka pakamwa, anatha.

Ndinamufunsa chomwe ankamupatsa. Anati chigumu, mbatata, futali, phala la mawere, basi. Ndinafunsanso ngati anapita naye kwa asing'anga. Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinamutenga mwana wanga kubwerera naye kwa Mlolo. Mwezi usanathe m'mimba munayambiranso, masaya aja n'kuphwa ndikuona ndi maso angawa. Apa anthu sanalankhulenso za a Manase. Anati nyumba yanga ili ndi kanthu, ena n'kumati dzanja langa ndi loipa. Ndinamubereka ndekha kumbuyo, mtsikana woti ayenda kale, kukamutula kwa Mailesi. Sanandinyoze. Anangotambasula manja, mwana n'kudziponya yekha, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chitonzo.

Chinsinsi chinaululika pa Khirisimasi. Ndinapita kwa Zemba ndi mbale yodzaza masikono kuti abale alaweko zamakono. Idesi anali atanenepanso. Anadya sikono m'mawa, n'kutenganso ina, ndipo dzuwa lisanapendeke anali akulira atagwira pamimba, ulendo wa kuthengo osatha. Ndinakhala pamtondo wogwetsa pansi n'kuyamba kulumikiza zinthu. Kwa Mailesi fulawa sankalowako. Kwa ine ankadya tsiku lililonse. Lero walowa kuno, ndipo taonani. Amene anazindikira ndine, osati Mailesi, ngakhale pano anthu amasimba ngati ndiye anatulukira. Nditamuuza, iye anawomba m'manja n'kugwa nako kuseka.

"Ndiye kuti mimba ya mwanayu sinapite kusukulu, akulu! Yatengera ine."

Sindinaseke. M'mawa mwake tinapita kuchitsime tonse awiri, ndipo mayi wina wobwera m'mudzimo chaka chomwecho anaitana ali patali: "Amake Idesi!" Ndinatembenuka. Ndisanatsegule pakamwa, Mailesi anali atayankha kale, "Wee!" Anayankha mosaganiza, ngati munthu wozolowera, kenako anandiyang'ana n'kugwetsa maso pansi. Dzina limenelo ndinalipeza ndi ululu wa pobereka. Zovala zanga ankabwereka chibadwire osabweza, koma ili linali dzina langa. Ndinasenza mtsuko wanga wosadzaza n'kubwerera ndekha.

Nditafika kwa Mlolo ndinatsimikiza mtima kuti mwana wanga ndikamutenga, ndipo sakadwalanso. Fulawa wotsala ndinapatsa mkazi wa mphunzitsi mnzawo wa a Manase, pamodzi ndi chitini, sefa ndi mthiko womwe, kuti m'nyumba musatsale ngakhale fumbi lake. A Manase anadandaula za tiyi wopanda sikono, ine n'kuwayang'ana kamodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsono ndinayamba kuphika chigumu. Ndimati chingandivute n'chiyani, chakudya chogulitsa pamowa? Choyamba ndinachikanda ngati masikono, chinatuluka cholimba choti ukhoza kuphera nacho galu. Chachiwiri chinangoti nyenyenye m'manja. Chachitatu kunsi chinapserera, pakati pali phala. Mwana wozolowera cha Mailesi sakanachilawa n'komwe, ndipo ndinkadziwa kuti akakana chakudya changa adzalirira kubwerera.

"Amake Idesi," anatero a Manase akutafuna movutika, "bwanji osakangofunsa mng'ono wanu?"

Tsiku limenelo anadya ndiwo zopanda mchere. Koma mvula itatha, ndinamanga kathumba kanga n'kuyamba ulendo wa kwa Zemba, mtima ukundikana njira yonse.

Ndinamupeza akusenda nthochi pakhonde, Idesi atapita kukasewera. Sindinazungulire. Ndinati andiphunzitse chigumu. Anasiya kusenda.

"Mufuna mumutenge," anatero.

"Ndi mwana wanga."

"Eya, ndi wanu." Anapukuta manja pachitenje. "Khalani apa, akulu. Koma pano musandiuze za kumishoni."

Anayamba ndi ufa. Anati usakhale woyera wa mphale yoviika, chifukwa umenewo kukoma kunatsalira m'madzi. Ukhale wa chimanga chosaviika, wosefa kawiri. Anathiramo ufa wa chinangwa wodzaza chikhatho chimodzi, kenako nsinjiro. Nthochi zake zinali zakupsa mpaka makoko kuda, zomwe ine ndikanaponyera nkhumba.

"Zimenezi ndiye zimagwira ufa," anatero akuzikanya ndi mthiko. "Fulawa wanu uja amadzigwira yekha. Wachimanga ndi wamwano, umafuna nthochi ndi dzira kuti ugwirane."

Anathira mkaka wosasa ndi soda pang'ono, n'kunena kuti soda akasowa, chidulo chimagwira ntchito yomweyo, bola osachulutsa. Ine ndinapinda manja a bulauzi kuti ndiyambe kukanda, iye n'kundimenya padzanja, mkulu wake ine.

"Osakanda! Mukufuna njerwa? Chikhale chofewa, chizitsika pamthiko mwaulesi."

"Ndiye chatengera mwini wake," ndinatero.

Anaseka, koma osati mokweza. Kenako anavundikira mbale ija n'kuisiya pamthunzi. Ndinkaganiza kuti ndi ulesi wake uja, koma anati ufa uyambe wamwa madzi, apo ayi chigumu chimachita mchenga m'kamwa. Tikudikira, iye anayala masamba a nthochi owawula mumphika. Makala pansi anaika ochepa, ambiri pamwamba pa chivundikiro. Chitayamba kununkhira anabaya pakati ndi kaudzu, n'kundionetsa kuti katuluka kouma. Ndinatenga mpeni, iye n'kundilanda. Anati chotentha sachidula, chimanyenyeka, chiyambe chazizira.

Ndinakhala kumeneko masiku angapo, ndikuphika iye akuyang'ana. Ndinkamuyang'anitsitsa ndi diso la nkhwezule kuti ndimugwire akubisa kanthu. Ndinkafuna abise, kuti ndipeze chifukwa chomveka chomudera. Sanabise kalikonse. Anandiuza ngakhale zimene sindinafunse: kuti Idesi amakonda m'mbali mopserera, kuti nthochi zikasowa mbatata yophika imalowa m'malo, kuti akakwiya osamukakamiza kudya, amabwera yekha. Ankandiuza za mwana wanga ine mayi wake, ndipo zonse zinali zoona. Sindinayambe ndamuchitira nsanje ngati masiku amenewo.

Tsiku lomaliza ndinaphika ndekha kuyambira kusefa mpaka kuphula. Chitazizira, Mailesi ananyema kachidutswa, n'kutafuna pang'onopang'ono atayang'ana kumbali.

"Chapsa," anatero. "Simudzandifunanso."

M'mawa mwake anamusambitsa Idesi, n'kumudzoza mafuta a nsatsi, n'kumanga tizovala take m'kansalu. Anamuuza kuti akupita kukaona atate ake ndi kuyamba sukulu. Kenako anatenga khasu n'kunena kuti akupita kudimba, Mailesi amene khasu ankaliona ngati mdani. Sanatiperekeze ngakhale pabwalo. Tikutuluka m'mudzi ndinamuona patali ataima m'dimba muja, khasu lili paphewa, osalima.

Idesi anayenda bwino poyamba, akufunsa mayina a midzi. Dzuwa litakwera anayamba kutsalira ndi kucheuka kumbuyo. Tinakhala pansi pa mtengo wa muwanga m'mbali mwa njira, ndipo ndinamasula chigumu changa chija. Ndinamunyemera m'mbali mopserera. Ndinamuyang'anitsitsa ngati ndikuyembekeza chigamulo cha mlandu. Analuma kamodzi, n'kulumanso, nyenyeswa zikugwera pamimba, mpaka chonse chinatha, n'kutambasula dzanja kufuna china.

"Ndaphika ndine chimenechi," ndinamuuza. "Ndekha. Chakoma?"

Anagwedeza mutu, pakamwa pali todzaza. Atameza anandiyang'ana ndi maso oyera, akumwetulira, kufuna kundisangalatsa.

"Chakoma," anatero. "Ngati cha amayi."

Ndinamupatsa chidutswa china, n'kumuuza kuti adye msanga chifukwa kwathu kunali kukadali kutali.