Mboni ya Azamba a ku Nahualá

Mayi Pascuala Tambriz anayamba uzamba ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ana ambiri a m'mapiri a kumtunda kwa Nahualá anabadwira m'manja mwawo. Ankayankhula Chikiche chokha, monga amayi onse a msinkhu wawo. Chisipanishi anachiyamba imvi zitamera kale, pa sukulu ya kwacha ya Loweruka ku tchalitchi, chifukwa anatopa ndi kugwedezera mutu manesi asakumva zomwe akunena.

M'chaka chawo chachitatu pa sukuluyo, boma linabweretsa lamulo latsopano la zaumoyo. Zambiri zinali zabwino: mankhwala aulere, zipatala zoonjezera. Koma ndime imodzi inkati aliyense wobereketsa mayi popanda pepala la unesi wapalamula mlandu. Bungwe la azamba linakasuma ku bwalo lalikulu ku likulu. Maloya atakangana miyezi isanu, panafunika mzamba weniweni woti akaime ngati mboni, ndipo anzawo anasankha a Pascuala.

"Mukakasochera kumeneko, ine sindibwera kudzakufunani," anatero amuna awo, a Baltazar, powaperekeza.

"Inu amene mumasochera pamsika pomwepa?"

Mu basi anafunsa kondakitala ndendende monga anawaphunzitsira aphunzitsi: "Mwadzuka bwanji, bambo? Ndikupempha kuti mundiuze mtengo wa ulendo wopita ku likulu."

"Mayi, mwachita kumeza buku kodi?" anaseka kondakitala. "Makwetsale makumi anayi basi."

Komabe atafika, kondakitala yemweyo anawaolotsa msewu n'kuwalozera basi ina. Anthu a m'tauni ankayankhula mothamanga, kumeza mawu. A Pascuala ankangoti, "Chonde bwerezani pang'onopang'ono," opanda manyazi ngakhale pang'ono, mpaka anafika pakhomo pa bwalo.

M'bwalomo anawapatsa womasulira. Iwo anati, "Khalani pafupi, bambo. Ndiyenda ndekha, koma ndikagwa mundidzutse."

Loya wa boma anali munthu waulemu, ndipo sankanama. Anafotokoza za amayi omwe amafa ndi kutaya magazi akaberekera kunyumba, kenako anafunsa: "Mayi, ndi amayi angati anamwalira muli nawo inuyo?"

A Pascuala anayankha m'Chisipanishi chawo chosathamanga.

"Awiri. Manuela Tzep ndi Juana Guarchaj. Onse anafera panjira, tikupita nawo ku chipatala pa..." Liwu linawathawa. Anacheukira womasulira, iye anawanong'oneza. "Pa machira. Ndi ulendo wa maola anayi ngati kulibe mvula. Ine chipatala sindidana nacho, bwana. Magazi akayamba ndimachifuna kuposa inu. Koma mukandimanga manja, m'nyumba ya mayi wobereka mudzakhala ndani?"

Loya uja ananena kuti alibe funso lina.

Patapita miyezi inayi, bwalo linaimitsa ndime ija. Sikuti azamba anapeza zonse zomwe ankafuna: analamulidwa kulembetsa maina ndi kumakaphunzira chaka chilichonse, ndipo ena anang'ung'udza. Koma analoledwa kulowa m'chipinda choberekera cha ku chipatala limodzi ndi amayi omwe akuwathandiza.

Mwezi womwewo a Pascuala anatsika phiri kupita ku chipatala ndi mayi wina amene mwana wake anali atagona chopingasa m'mimba. Dokotala anawerenga khadi lawo latsopano la uzamba, anasendera kuwapatsa malo pambali pa bedi, n'kuwafunsa nthawi imene matenda anayamba. Anamuuza zonse mwadongosolo, iye akulemba. Masana a tsiku lomwelo mwana wamkazi anabadwa kudzera mu opaleshoni, ndipo patatha masiku asanu mayi ndi mwana anakwera phiri ali bwino.