Packard ya mayi Herminia

Ku Sarandí aliyense amawadziwa a Olegario Techera, bambo wamfupi wa zikhatho zokhakhala amene wakhala akuwongola ndi kupenta magalimoto kuyambira ali mnyamata. Masiku ano mukawayamikira pa ntchito amangoyang'ana pansi. Kale sanali otero ayi. Ankati palibe chitsulo chingawakanike, ndipo ankanena zimenezi popanda wowafunsa.

Kuseri kwa galaja yawo kumakhala mayi wamasiye, a Herminia Larrosa, amene ng'ala inawaphimba maso onse awiri. M'shedi mwawo munali galimoto ya Packard ya 1936. Poyamba inali ya mwini ng'ombe wina wolemera, kenako amuna a mayiwo anaigula n'kumanyamulira akwati. Theka la tauni linapita ku tchalitchi pa galimoto imeneyi, a Olegario omwe. Amunawo atamwalira, nkhuku zinayamba kuikiramo.

Mphwawo wa mayiwo ndiye anatumiza chithunzi cha galimotoyo kwa a Bentancor, bambo wa okushoni ya magalimoto akale ku Montevideo. Iwo anaimba foni kuti abwera mwezi wotsatira, ndipo anati galimotoyo ingalipire opaleshoni ya maso onse awiri, zina n'kutsala.

"Ndiye mudzawaonetse ili chonchi, mayi?" anafunsa a Olegario akulandira chikho cha tiyi wowawa. "Kuno ngakhale ng'ombe, popita nayo ku okushoni, timaisambitsa n'kuipesa mchira. Mukufuna a ku Montevideo azikatiseka kuti timagona ndi nkhuku?"

"Nanga ndikulipirani chiyani, achimwene? Mazira?"

"Mazirawo basi! Galimoto imeneyitu inandikwatitsa ine."

Tisawanamizire, ntchito anaigwira ndi mtima wonse. Anapala penti wakuda wakale mpaka chitsulo kuyera, n'kupopera wabuluu wowala ngati malaya a timu ya mpira ya dziko lawo. Chikopa chong'aluka cha pamipando anachisenda n'kuchitentha, m'malo mwake anakutira pulasitiki yofiira. Injini yakale, poti sinkalira, anam'patsa wogula zitsulo zakutha amene ankadutsa ndi lole, n'kuikamo ya dizilo. Nambala ya foni ya a Bentancor inalipo, koma paja safunsa anadya phula.

Tsiku lomwe a Bentancor anafika, anthu anadzaza msewu. A Olegario, atavala tayi, anavundukula chinsalu, anthu n'kuomba m'manja. Mlendoyo sanaombe. Anaizungulira galimotoyo, anatsegula boneti, n'kuitsekanso pang'onopang'ono.

"Injini yake ili kuti, bambo?"

"Inali yakufa, bwana. Iyi tamverani kulira kwake!"

"Nanga chikopa?"

"Chinkanunkha zitosi."

"Ndi zitosi zomwezo ndikanagula," anatero a Bentancor motsitsa mawu. "Ogula athu amafuna penti amene inachoka naye kufakitale, injini yake yeniyeni, ngakhale dzimbiri lomwe. Apa yangosanduka galimoto yakale basi. Mtengo wake, diso limodzi lomwe silikwana."

Panalibe amene anaseka, ndipo a Olegario akanakonda akanasekedwa. Anaima pakati pa anthu amene anawaitana okha, tayi ikuwathina, akusowa pobisa nkhope. Manyazi anawagwira. M'mawa mwake ananyamuka kukasaka wa zitsulo uja, anakam'peza ku Durazno, koma injini inali itasungunulidwa kale.

Chinawapweteka koposa n'chakuti mayi Herminia sanawakalipire. A Olegario atapita kukapepesa, anawapeza akusisita chitseko cha galimotoyo.

"Koma ikusalala bwanji! Akuti ndi yabuluu, eti achimwene?"

"Ee, mayi."

"Musadandaule. Ine ndikukhulupirira kuti ndi yokongola."

Packard ija inabwerera pa ntchito yake yonyamula akwati. A Olegario ndiwo amayendetsa, ndipo zonse zomwe apeza amakasiya kwa mayiwo, ngakhale opaleshoni idakali kutali. Akwati amaukonda kwambiri mtundu wabuluuwo, amajambulitsa atatsamira boneti, koma woyendetsa satuluka.

Lamlungu lililonse mayi Herminia amabwera akupapasa mpanda, mbale ya mazira ili m'manja, kudzalipira ntchito ija monga anapanganirana. A Olegario amalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Mpaka lero sanadyepo ngakhale limodzi.