Dokotala wa Mbira wa ku Nabvutika

Apongozi anga, a Whiteson Jere, anabwerera kukomboni ya Nabvutika mu 1994 atachotsedwa ntchito ku Lusaka. Anabwera ndi khoti loyera lothimbirira m'khosi, themomita yokulunga m'kampango, ndi chizungu cha m'mphuno. Ku Lusakako ankagwira ntchito m'labotale ina yosungiramo mbira zoyeserapo mankhwala. Anthu a m'komboni anangomva zoti labotale, basi n'kuyamba kuwaitana adokotala. Apongozi aakazi ndiwo anandinong'oneza kuti ntchito yake inali kusesa ndowe ndi kupana mbira pozibaya jakisoni.

Phunziro lawo linali limodzi, ndipo tonse tinaliloweza.

"Tinkazibaya mankhwala otenthetsa thupi," ankatero atakweza chala. "Mbira imanjenjemera, makutu zii, n'kukaunjikana ndi zinzake pakona kufuna kufunda. Mwaona? Thupi limadzikolezera lokha moto kuti liwotche matenda. Ndiye iwe ndani wokathira madzi?"

Zoti mbirazo zinkathera kuti, sankanena.

Anaweta zawo kuseri kwa khitchini, ati akupitiriza kafukufuku. Wodwala akabwera ankamulumitsa themomita, kuiyang'ana padzuwa, n'kulamula mabulangete. Akachira, ndi nzeru za adokotala. Akathera kuchipatala, ndi kupupuluma kwake.

Ine ndinkaseka chamumtima mpaka tsiku limene mwana wanga Tamiwe anakana bere. Bambo ake, a Enoch, anali ku Chiparamba kumene amaphunzitsa. Mwana anatentha ngati mbaula, timaso tikutembenuka. Sukulu ndinalekeza Giredi 9, koma malungo ndimawadziwa. Ndinagwada pakhomo, nkhope kumbali monga achitira mkamwana.

"Atate, ndimati ndithamange naye kuchipatala."

"Kukatani? Kuti akamupukute ndi madzi ozizira? Amake Enoch, bweretsani bulangete lina. Makutu akadali ozizira, moto sunafike."

Anamukwirira mwana wanga ngati nthochi zovundika, iwo n'kukhala pampando pakhomo penipeni. Mkamwana salumpha miyendo ya apongozi, sawatsutsanso. Ndinakhala pansi ndikumvetsera kapumidwe ka Tamiwe pansi pa mabulangete.

Apo n'kuti akufika amai Dainess, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano kumpingo, amene mawu awo amamveka mpaka kumsika. Ati mutu ukuwawa. Adokotala anamasula kampango, amai Dainess n'kuyasama ngati akulandira mgonero.

Ine maso anga sagona. M'mawa womwewo, ndikutsuka mbale kuseri, ndinali nditaona kafukufuku uja ndi maso angawa. Kutsutsa n'koletsedwa, koma kufunsa mwaulemu palibe analetsa. Ndinawomba m'manja pang'ono.

"Atate, pepani, ndifunseko poti sindinaphunzire. Kagalasi kali m'kamwa mwa amaiwa ndi komwe kaja munalowetsa mbira kumatako m'mawa, kapena muli nato tiwiri?"

Amai Dainess anatulutsa themomita ija pang'onopang'ono, n'kuiyang'anitsitsa.

"Ndimapukuta," anatero adokotala.

"Mumapukuta! Ndi chiyani, kampango ka mamina ako? Whiteson, ine mkazi wa mkulu wa mpingo, kundidyetsa zimenezi? Amayi inu, bwerani mudzamve zomwe takhala tikuyamwa!"

Amayi anakhamukira pabwalo, aliyense akulavula, poti panalibe amene sanailumepo. Adokotala anadzuka pampando kuti afotokoze zasayansi. Pakhomo panatseguka. Ndinakankha mabulangete, kubereka mwana, ulendo. Apongozi aakazi anandiona, n'kuyang'ana kumbali dala.

Kuchipatala anati ndi malungo aakulu. Anamuvula zonse, kumupukuta ndi madzi omwe aja oletsedwa, n'kumuika diripi ya kwinini. Tsiku lotsatira anafuna bere, ndipo apo m'pamene ndinalira.

Khoti loyera lija amavalabe a Whiteson, koma palibenso woyasama. Amauza alendo kuti mdzukulu wawo anachira chifukwa iwo anayamba ndi mabulangete, achipatala anangomalizitsa. Ine ndimagwada n'kuti, "Inde, atate." Mbira zija apongozi aakazi anazitha imodziimodzi ndi tomato, ndipo adokotala sanakane msuzi wake. Tamiwe akatentha thupi, sindipemphanso njira pakhomo. Amadzipatukira okha.