Zigubu za Asewere

Galimoto ija ndinaigula kwa munthu amene mwana wake anali atafunsira mbeta mwana wanga. Ndayambira pamenepa chifukwa aliyense amene ndinkamufotokozera nkhaniyi, akangomva zimenezi ankagwira pakamwa n'kunena kuti, "Aaa, ndiye basitu." Basi chiyani? Mpaka lero palibe anandimasulira.

Ine ndimalima mpunga ku Bwanje, ndipo chimwalirireni bambo a ana anga ndimadziyimira ndekha. Chimene chinkandiwawa chaka ndi chaka ndi mavenda. Amafika pakhomo nthawi yokolola, n'kukugula mpunga ngati akukuchitira chifundo, mawa lake umve mtengo umene akugulitsira kumtunda, mutu uchite kukuzungulira. Ndinalumbira kuti tsiku lina matumba anga ndidzakwera nawo ndekha. Ndiye nditamva kuti bambo a mnyamata uja, mlimi wa mbatatesi wa kumtunda kozizira, akugulitsa pikapu yawo, ndinati Mulungu wayankha. Munthu woti mawa tizidzatchulana asewere angandipusitse?

Anabwera nayo okha kuchigwa kuno, yoyera, yotsukidwa mpaka matayala. Achimwene anga, amene amadziwa chiwongolero, ndiponso ndi amene tinawasankha kukhala ankhoswe a mwana wanga, anaiyesa mumsewu wa m'mbali mwa sikimu ya mpunga. Inkayenda myaa. Palibe mwa ife anakumbuka kuti kwathu kuno n'kosalala ngati mphasa, ngakhale njinga yakutha imaoneka yamphamvu.

Titamaliza zonse, bambo aja anandilozera zigubu ziwiri zachikasu zimene zinali kumbuyo.

"Izi musamazisiye, mayi. Zimayendera limodzi ndi galimotoyi."

Ndinawomba m'manja kuthokoza. Ndinayesa ndi basela, monga achitira wogulitsa tomato akakuikira imodzi pamwamba. Madzulo omwewo ndinazitsitsa, ndinazitsuka bwinobwino, n'kuyamba kusungiramo madzi akumwa. Safunsa anadya phula, ndikudziwa, koma kodi munthu akakupatsa mphatso umafunsa kuti ndi ya chiyani?

Ulendo woyamba wokwera kumtunda tinapakira mpunga mpaka pamwamba. Ine ndinakhala kutsogolo, chigongono pawindo, kuti amene anali asanamve aone okha. Tinadutsa Kasinje bwinobwino. Titafika pa chikweza china chachitali, pamene msewu umakhota pafupi ndi mtengo waukulu wa mango, galimoto inayamba kulira mwina. Kenako nthunzi fuu kutsogolo, ngati ketulo yoiwalidwa pamoto. Achimwene anaima pansi pa mango paja, natsegula boneti, n'kundifunsa kuti, "Achemwali, zigubu zija zili kuti?" Zinali kunyumba, pansi pa thandala. Ndinayenda ndekha kukabwereka ndowa pa mjigo, manyazi ali tho.

Makaniko wa ku Manjawira amene tinakamuonetsa galimotoyo sanachedwe nayo. Anamvetsera injini, nayang'ana madzi a m'radiyeta, n'kupukusa mutu. Anati matendawa si a dzulo, injini inapsapo kalekale, ndipo kuikonza kuti ichire n'chimodzimodzi kuyambanso kugula galimoto ina.

Apa mpamene mutu wanga unayamba kusokonekera. Mayi wina wa kumpingo anati anamva pa wailesi kuti wogula ali ndi ufulu, katundu akapezeka ndi vuto umabweza n'kulandira zako. Mnzake anati ayi, zimenezo ndi za m'masitolo, osati za munthu wogulitsa chinthu chake cha pakhomo. Wachitatu anati galimoto yakale ili ngati mbuzi ya pamsika, ukangogwira chingwe ndi yako, ikatsokomola mawa usadandaule. Onse ankalankhula motsimikiza, ndipo aliyense ndikamamumvetsera ndinkaona kuti akunena zoona. Ndinafunsa achimwene kuti iwo akuti bwanji.

"Mukufunsa ine uti, dalaivala kapena nkhoswe?" anatero. "Dalaivala akuti bwezani lero lomwe. Nkhoswe akuti tsekani pakamwa."

Ndinakwera minibasi mwakachetechete kupita ku boma, kukafunsa ku khoti. Ndinapezako mayi wina waulemu wake amene anandikhazika pansi. Nditamufotokozera nkhani yanga, anandifunsa ngati wondigulitsayo amachita bizinesi ya magalimoto, ndinati ayi, ndi wa mbatatesi. Anandifunsa ngati tinagwirizana kuti ikavuta ndidzabweza, ndinati zimenezo sitinakambe, tinkakamba za ana athu. Kenako anafunsa kuti, "Nanga musanagule, anakuuzani kuti galimotoyi ili ndi vuto?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ayi, koma zigubu zija zinandibwerera m'maso. Anandiuza kapena sanandiuze? Mawu oti imawira sanatuluke pakamwa pawo. Koma madzi anandipatsa, ndipo ananena kuti ndisamawasiye. Ndinamufotokozera mayiyo zonse. Anaseka, kenako anapepesa. Anati mlandu nditha kutsegula, ufulu umenewo ndili nawo, koma zoti chigubu chingalowe m'malo mwa mawu adzaziona ndi woweruza. Potsiriza anafunsa kuti munthuyo ndi ndani wanga. Nditamuuza, nayenso anangoti, "Aaa."

Kwathu kuno munthu suyenda wekha kukakalipira asewere, zonse zimadzera kwa ankhoswe. Ndiye ndinatuma achimwene kwa nkhoswe wa kuchimuna. Kumeneko anayesa abwerera za tsiku la chinkhoswe, mpaka anawaphera nkhuku. Achimwene anadya kaye, n'kuyamba kukamba za radiyeta atasamba m'manja. Yankho linabwera patapita masiku: galimoto ilibe vuto, kungoti kuchigwa kwathu n'kotentha kwambiri, ndipo zigubu anapereka. Pamapeto nkhosweyo anawonjezera kafunso kofatsa, kuti kodi nkhani imeneyi ikhudzanso ana?

Ndinapsa mtima. Kutentha kwa Bwanje kukukhudzana bwanji ndi galimoto imene imawirira kumtunda kwawo komweko? Koma ndikakhala pang'ono ndinkayambanso kukayika. Mwina kwawo kozizirako sinkawiradi. Mwina mpunga umalemera kuposa mbatatesi. Ndinayesa kuwerengera zimenezi m'mutu mpaka ndinadziseka ndekha.

Mwana wanga anandipeza ndikupeta mpunga. Anakhala pansi, osandiyang'ana.

"Amayi, mukakawasumira, ine ndikalowa bwanji m'nyumba mwawo? Inu mutsala kuno. Amene akukakhala kumtunda ndine."

Sanalire, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinamuuza kuti ndidikira ukwati udutse. Mumtima ndinati ukangodutsa ndibwerera ku boma, chifukwa thukuta langa la zaka zambiri linali m'galimoto imene sinkatha kukwera phiri.

Chinkhoswe chinachitika bwinobwino, tinavina, ine ndi bambo aja tinapatsana moni wa m'manja ngati palibe kanthu. Ukwati unali wa kutchalitchi cha kwawo, kumtunda. Mkwatibwi anati akwera galimoto ya amayi ake, ndipo atsikana anaimanga maluwa ndi nsalu zoyera. Ndinalamula kuti zigubu zija zikwezedwe. Ndinaziona ndi maso anga zili kumbuyo, mtima wanga unakhala pansi.

Pa mango paja, fuu. Achimwene anatsika, natsegula chigubu choyamba, n'kununkhiza. Thobwa. Chachiwiri, thobwanso. Amayi ophika anali ataona zigubu zabwino zili phee ndipo anazipatsa ntchito. Mwana wanga anali kutsogolo mu velo yake, dzuwa likukwera, kutchalitchi anthu akudikira. Ndinasowa poyang'ana.

Pamenepo ndinamva munthu akuti, "Musatsegule msanga, ingakuwotcheni. Isiyeni ipume kaye."

Anali asewere. Anali atakhala pa muzu wa mango, atavala suti, njinga yamoto atayimika pambali. Pafupi ndi phazi lawo panali chigubu chachikasu chodzaza madzi, ndi kansanza kotsegulira chitsekerero chotentha.

"Ndinaona kuti ndikudikireni pompano," anatero, akupinda manja a jekete. "Imakonda pamenepa."

Imakonda pamenepa! Ndiye ankadziwa, mpaka mtengo wake. Mawu onse amene ndinasowa ku khoti kuja anandifika pakhosi nthawi imodzi, ndipo mboni zinalipo, nkhoswe ali pomwepo. Koma munthu yemweyo anali atasiya alendo ake, tsiku la ukwati wa mwana wake, kudzakhala pa muzu kuti mwana wanga asachedwe. Ankathira madzi pang'onopang'ono, mosamala, kuopa kudonthezera maluwa. Sindinadziwe ngati ndikuona kuvomera mlandu kapena chikondi, ndipo mpaka pano sindidziwa.

Ndinatembenuka. Mwana wanga anali atakweza velo pang'ono, akundiyang'ana pakamwa.

"Zikomo, asewere," ndinatero.

Ku boma sindinabwererenso. Galimoto ilipo, imanyamula mpunga kuchigwa konkuno, ndipo ikakwera kumtunda timaima pa mango paja, nthawi zina ndikupita kukaona mdzukulu. Tsiku lija, injini italira, asewere anakweza chigubu chawo kumbuyo, pambali pa zathobwa zija, n'kunena kuti chikhale chathu. Ndinawomba m'manja kachiwiri.