Dzina Lomwe Aphungu Anakana Kutchula

Loveness Nalungwe anabadwira ku Kaseye, m'banja la alimi a chimanga, ndipo anayamba kupalasa njinga ya bambo ake kupita kuchigayo miyendo isanayambe kufika bwino pansi. Sukulu analekezera ku pulayimale. Sanali wolongolola, koma zinthu ankasunga. Womuchitira zabwino sankamuiwala, womulakwiranso chimodzimodzi.

Anakwatiwa ndi Stefano Msukwa, mlonda wa nkhalango ya Mughese, yemwe anakumana naye pa msonkhano wa makwaya. Atasamukira ku mapiri a Misuku anaphunzira kulima khofi pansi pa nthochi, kuthyola wofiira yekhayekha, ndi kupirira chifunga cha m'mawa chomwe chinkanyowetsa zovala zili pathupi. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, Temwa, ndipo kuyambira pamenepo anthu ankangomuitana kuti anyina Temwa.

Stefano anali munthu wanthabwala, wa mawu aakulu a besi, wosadziwa kubisa zakukhosi. Mnzake wa ponda apa nane mpondepo anali Cornelius Sichali, yemwe ankagulitsa tiyi ndi mandazi m'kanyumba kake pamsika. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo Cornelius ndiye anaimirira Stefano paukwati. Loveness ankamutchula kuti alamu, ndipo akabwera kunyumba ankamupatsa mpando wa mwini khomo.

Zaka zimenezo m'malire munkayenda anthu ena a boma osavala yunifolomu. Linali gulu la akazitape lomwe dzina lake lenileni palibe ankalidziwa. Anthu ankangoti a Kachetechete. Ankayenda pa galimoto zopanda nambala, ndipo zikadutsa, ocheza pamsika ankasintha nkhani n'kuyamba kukamba za mvula.

Tsiku lina Stefano akuyendera nkhalango anatulukira pa matenti, mkatikati momwe simunkafika munthu. Panali amuna angapo, ndipo pamtengo anamangirirapo munthu wotupa nkhope yemwe ankapempha madzi m'Chiswahili. Mmodzi wa amunawo anamuyandikira Stefano n'kumuuza kuti, "Achimwene, simunaone kanthu. Bwererani momwe mwadzera."

Anabwereradi, koma mtima sunakhale pansi. Anamufotokozera mkazi wake zomwe anaona, ndipo Loveness anamuchonderera kuti atseke pakamwa. Mawa lake anapita kukafunsa nzeru kwa Cornelius.

Sabata isanathe, tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, galimoto yoyera inaima pafupi ndi pomwe Loveness ankagulitsa nthochi. Stefano anali ataima pomwepo, akumuthandiza kumasula mtolo. Amuna awiri anatsika. Mmodzi, wamtali wachipsera pachibwano, anamugwira Stefano pakhosi pa malaya n'kumukankhira m'galimoto ngati thumba la feteleza. Msika wonse unaona. Palibe anayesa kumulanditsa. Loveness anathamangira galimotoyo mpaka chitenje chinamasuka, koma chomwe anapeza ndi fumbi.

Anapita ku boma, anagogoda m'maofesi onse omwe ankawadziwa. Kulikonse yankho linali limodzi: munthu wotero sitikumudziwa. Cornelius anamuperekeza ulendo wina, akupukusa mutu njira yonse.

"Limbani mtima, alamu," ankatero. "Mulungu aliko."

Stefano anabwerera mvula itatha, atakwera matola, atawonda ngati bango. Khutu limodzi linali litagontha, manja akunjenjemera moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Ntchito anaipeza itatha kale, ati anathawa osatsanzika. Kukwaya sanapitenso. Za komwe anali sankakamba, mpaka tsiku lina ali awiri m'munda anangoyamba yekha.

"Anyina Temwa, anthu aja anandibwezera mawu anga omwe."

"Mawu ati?"

"Ndinanena kuti ndikaulula kwa abwana anga, olo andichotse ntchito, chifukwa munthu uja si mbuzi yoti n'kumangirira pamtengo. Akundimenya ankati, 'Lero mbuzi ndi ndani?' Mawu amenewo ndinauza munthu mmodzi yekha padziko lino."

Loveness anasiya khasu. Sanafunse dzina, pakuti ankadziwa kuti ndi Cornelius. Mkwiyo womwe unamugwira sunazirale kuyambira tsikulo.

Stefano anamwalira chilimwe chotsatira. Pamaliro Cornelius ananyamula nawo bokosi, ndipo anapatsidwa mwayi wolankhula ngati bwenzi la malemu. Analira mpaka anthu anamugwirizira. Loveness, atakhala pamphasa pakati pa amayi, ankangomuyang'ana. Amayi ena anayamba kunong'onezana kuti namfedwa sakulira. Iye ankaloweza mawu aliwonse omwe ankatuluka pakamwa pa munthu uja.

Akanatha kukuwa pomwepo. Koma galimoto zopanda nambala zinali zikuyendabe, ndipo Temwa anali wamng'ono. Choncho anakhala chete. Analima yekha khofi, anadulira yekha, ankasenza yekha madengu kupita nawo kumakina osendera a kopaletivi, mpaka Temwa anamaliza sukulu n'kukhala mphunzitsi ku Karonga. Akakumana ndi Cornelius panjira ankagwada pang'ono monga mwa mwambo n'kumulonjera m'Chitumbuka, "Monire alamu." Ankaona kanyumba ka tiyi kakufoleredwa malata atsopano, kenako njinga yamoto itaima pakhomo, kenako mwini wake atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Chilichonse mwa izi ankachiika pamwamba pa chinzake mumtima. Mlandu suwola, ankadziuza choncho m'mawa uliwonse akamanga mpango.

Patapita zaka, mphepo inatembenuka. Wailesi inalengeza kuti komiti ya aphungu yowunika ntchito za akazitape ikuyendera maboma a m'malire, kuti imve zomwe a Kachetechete ankachita mobisa, komanso ngati zinali zololedwa. Aliyense wokhala ndi dandaulo akalembetse ku boma. Anthu ambiri anati ndi msampha. Loveness analembetsa tsiku loyamba.

Nkhani ya m'mudzi siyenda ndi miyendo. Masiku angapo komitiyo isanafike, Cornelius anamupeza akuthyola khofi masana. Anali atanenepa, imvi zitayamba.

"Monire alamu. Mwatandala uli?"

"Tatandala makora," anayankha Loveness, manja osasiya ntchito.

"Ndamva kuti mukupita ku boma." Cornelius anakhosomola. "Ine ndimati, zakale n'zakale. Kufukula manda sikudzutsa munthu. Anthu amenewa ndi oopsa, mukudziwa."

"Inu mukuwadziwa bwanji kuti ndi oopsa?"

Cornelius anayang'ana pansi. Kenako mawu ake anatsika. "Anandigwira pakhosi, alamu. Anapeza katundu wanga wolowa mozemba, n'kundiuza kuti ndisankhe ndende kapena kukhala makutu awo. Ankati Stefano angomuopseza basi. Sindinkadziwa kuti zifika pamene zinafika. Ndili ndi ana, ndili ndi dzina mumpingo. Chonde."

Loveness anawongoka. Aka kanali koyamba kumuyang'ana m'maso chimwalirireni mwamuna wake.

"Stefano analibe mwana? Analibe dzina? Munadya m'mbale yanga, alamu. Munandiperekeza ku boma kukafunafuna munthu yemwe munamugulitsa nokha. Chokani m'munda mwanga."

Komitiyo inakhala mu holo ina pa boma, zitseko zotseka, mafoni osiya panja. Wapampando anali mayi wochokera m'chigawo chapakati, a Tionenji Chimwaza, omwe anamulonjera ndi "Monire amama" wopindika lilime. Mbali ina kunakhala akuluakulu a gulu la akazitape lija atavala masuti, pamodzi ndi loya wawo, a Bernard Mbewe. Loveness anafotokoza zonse m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka, osathamanga, osalira. Atafika pa tsiku la msika anaima kaye, maso ake akuyenda pa mzere wa masuti aja.

"Uyo wakhala kumapetoyo, wachipsera pachibwano, ndiye anamukankhira m'galimoto."

A Chimwaza anatembenukira kwa bamboyo n'kuyamba kumupanikiza. Ndani analoleza kumanga matenti m'nkhalango ya boma? Khoti liti linapereka chilolezo chogwira Stefano Msukwa? Anamusunga kuti miyezi yonse ija, ndipo munthu wolankhula Chiswahili uja anathera kuti? Bamboyo ankangotembenukira kwa loya, thukuta likutsika m'khosi. Loveness anamva kukoma komwe sanakumvepo kwa zaka zambiri.

Koma atatchula dzina la Cornelius Sichali, a Mbewe anadzambatuka. Anati mayina a anthu omwe ankathandiza gululo mobisa ndi otetezedwa, ndipo sangatuluke m'chipindamo. A Chimwaza anapumira m'mwamba.

"Amama, dzinalo talimva. Koma mu lipoti lopita kwa anthu sitingalilembe. Tikatero, ena aphedwa ndi achibale awo omwe, ndipo ife sitinabwere kudzayatsa moto."

"Mwamuna wanga munamugwira masana, msika uli wodzaza," anatero Loveness. "Nanga womugulitsa mukumufunditsiranji bulangeti?"



Lipoti linatuluka khofi wa chaka chimenecho atagulitsidwa kale. Wailesi inati komiti yapeza kuti msasa wa m'nkhalango unalibe chilolezo cha wina aliyense, kuti gulu lija lithetsedwe, ndiponso kuti akuluakulu ake awiri, kuphatikizapo wachipsera uja, akayankhe milandu kukhoti. Dzina la Stefano linatchulidwa. La Cornelius ayi. Lamlungu lotsatira Cornelius anawerenga mawu kutchalitchi, nkhope itawala ngati munthu wochira malungo.

Loveness anadikira msonkhano wa pachaka wa kopaletivi ya alimi a khofi. Cornelius, yemwe tsopano anali ndi munda wake wa khofi, anali kupikisana nawo pa mpando wa tcheyamani, ndipo aliyense ankadziwa kuti apambana. Alimi anadzaza pabwalo la makina osendera. Woyendetsa chisankho atafunsa ngati pali wofuna kulankhula manja asanakwezedwe, Loveness anaimirira.

"Nonse munamva pa wailesi zomwe anamuchita mwamuna wanga, awiske Temwa. Chomwe simunamve ndi chakuti anamugulitsa ndani. Aphungu akuti lamulo lawamanga pakamwa. Ine silinandimange." Analoza chala. "Ndi awa. Anavomera okha m'munda mwanga. Alamu, imirirani mukane pamaso pa anthuwa, mutagwira Baibulo lomwe mumawerenga lija."

Cornelius anaimirira, koma sanakane. Anakhalanso pansi.

Kenako mkulu wina, a Anock Kayange, omwe mwana wawo anagwidwapo zaka zomwe zija n'kubwerera wosokonezeka mutu, anadzuka pang'onopang'ono. "Mwana wanga ankakonda kumwa tiyi kwa iwe," anatero. Bwalo linayamba kuwira. Aliyense ankakumbukira zomwe analankhulapo m'kanyumba ka tiyi kaja. Anyamata ena anatola miyala, koma Loveness anawakalipira.

"Musamukhudze! Akafa lero apumula. Ndikufuna akhale moyo, aziyenda pakati pathu tikumudziwa."

Zinaterodi. Tiyi wa Cornelius ankazizira m'ketulo, mandazi akuuma. Pamaliro, akakhala pabenchi, anthu ankasunthira kwina. Mpingo unamuimitsa pa udindo. Mkazi wake Tina anabwera kwa Loveness akulira, kuti ana awo akunyozedwa kusukulu. Loveness anamupatsa mphasa, anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti Temwa nayenso ananyozedwa kuti ndi mwana wa wogulitsa dziko, ndipo palibe anabwera kudzalira naye. Abusa nawo anabwera ndi nkhani ya chikhululuko.

"Akapemphe kwa Stefano, abusa," anatero Loveness. "Manda ake akuwadziwa, ananyamula nawo bokosi."

Mvula yoyamba isanagwe, Cornelius anapakira katundu pa lole n'kusamukira kwa achibale a mkazi wake kutsidya kwa mapiri a Mafinga. Loveness anaima pamphepete pa msewu, dengu pamutu, mpaka lole inakhota. Sanabise kumwetulira.

Temwa atabwera pa tchuthi anawapeza amayi ake akusita chitenje chatsopano. Loveness anali ataitanidwa kukachitira umboni pa mlandu wa akuluakulu awiri aja.

"Amama, mtima sunaphwe? Munthu uja wapita. Ulendo wa kukhoti ndi wautali, ndipo miyendo yanu ikutupa."

"Amene wapitayo anali khutu chabe," anayankha Loveness. "Dzanja lomwe linamenya atate ako likadali m'suti. Undipezere malo a kutsogolo m'basi, sindifuna kufika wotopa."