Botolo la Bambo

Linali Lachitatu loyamba la mwezi wa Meyi mu 2016, itangokwana 4 koloko masana, pamene ndinavomera kupita ku UK. Tinali m'munda wa kachewere kwathu ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Amuna anga, omwe ndi nesi, anali atatha chaka ku Leicester, ndipo anaimba kundiuza kuti mapepala anga atheka. Anati mwana wathu Takondwa ayambe watsala ndi makolo anga, chifukwa tonse awiri tidzakhala pa ntchito. Takondwa anali ndi zaka ziwiri, ali kumsana kwanga, akugona. Ndinangoti, "Chabwino." Kenako ndinapitiriza kutola kachewere.

Manyazi angawa ndinatengera bambo anga. Iwo ankalankhula pokhapokha akamwa kachasu, ndipo ankamwa kawirikawiri. Tsiku lonyamuka, amayi analira ndi kundilangiza zambiri pa siteji. Bambo ankangoyang'ana matayala a minibasi. Nditakwera, anabwera pawindo.

"Nangozo," anatero, pakuti amanditchula ndi mfunda, "ukamadzabwera udzanditengere botolo limodzi la kachasu wa azungu. Ndidzalaweko ndisanafe."

Anthu a m'minibasi anaseka. Ine sindinaseke.

Ku Leicester tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Beaumont Leys. Sukulu ndinalekezera sitandade 6, choncho Chingerezi changa chinali "yes" ndi kumwetulira. Ndinapeza ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa. Amuna anga akamabwera kuchokera kuchipatala, ine ndinali nditaima kale podikirira basi. Masiku ena ndinkatha tsiku lonse osalankhula Chichewa ndi munthu.

Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pa foni, ndipo Lamulungu ndinkaimba. Amayi ankandiuza zonse, za feteleza, za maliro, za mano a Takondwa. Mwanayo akamupatsa foni ankathawa. Bambo ankabwera pomaliza.

"Kukuzizira kumeneko?"

"Kukuzizira, bambo."

Tikatero tonse tinkakhala chete, mayunitsi akupita. Ndiye iwo ankati, "Botolo lija usaiwale."

Ndinena zoona, zinkandipweteka. Mwana wanu ali kutali, akulira m'bafa kuti mwamuna wake asamve, inu mukungoganiza za mowa.

Komabe ndinkafuna kuwagulira. Mowa uli mbwee m'sitolo yaikulu ya ku Beaumont Leys, koma amayi a kutchalitchi kwathu amagulanso komweko. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuima pa shelefu yake. Ndisanatambasule dzanja ndinamva, "Mayi a Takondwa, mwaswera? Mukushopa chiyani kuno?" Ndinatuluka ndi mafuta ophikira omwe sindinkawafuna.

M'chaka chachiwiri ndinayamba kugwira ntchito kwa Agogo Dorothy ku Oadby. Anali mayi wamasiye, woyenda pa njinga ya olumala, wolankhula mosapsatira. Mu Novembala 2018 mwana wawo anawalipirira ulendo wa sitima yapamadzi, wa milungu iwiri, kuchoka ku Southampton kupita ku zilumba za Canary. Anafuna wowaperekeza. Anandikonzera mapepala, ndipo ndinapita.

Sitimayo inali ngati tauni yoyandama, ndipo munali sitolo ya mowa. Munalibe munthu wondidziwa. Tsiku lina Agogo akusankha jini wawo, ine ndinaloza botolo la wisiki, lita imodzi, n'kulipira. Titafika padoko lina ndinatumiza uthenga wa mawu: "Bambo, ndagula. Ndagula pakati pa nyanja yamchere." Amayi anandiuza pambuyo pake kuti bambo anamvetsera uthengawo kambirimbiri mpaka foni inatha moto.

M'mawa wa tsiku lotsika anatibweretsera mabotolo athu, pakuti ukagula pa sitima amakusungira mpaka pomaliza. Agogo anaika lawo pamiyendo. Ine ndinalitenga n'kuliika m'chikwama changa pamodzi ndi la bambo. Sindinaganize n'komwe. Kwathu wamkulu sanyamula katundu mwana alipo. Ukaona gogo wasenza kanthu, umathamanga kukamulandira, ndipo akakana umalimbikira. Agogo anati, "Ndipatse, ndinyamula," ine ndinangomwetulira n'kutseka zipi.

Wantchito wa padoko anabwera kudzawakankha, n'kupita nawo njira ya anthu a njinga. Ine anandiuza kuti ndikatenge masutikesi, tikakumane ku galimoto.

Nditatenga katunduyo ndinafika pa njira zotulukira, yobiriwira ndi yofiira. Pakhoma panali chikwangwani cha zithunzi za mabotolo. Ndinaima n'kuchiwerenga pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba ngati mwana wa sukulu. Chinkanena kuti wochokera kumene tinkachokera ife amaloledwa lita imodzi ya mowa waukali popanda msonkho. Wopyola pamenepo apite kofiira. Ine ndinali ndi malita awiri.

Aliyense ankangodutsa kobiriwira, akuseka. Ndikanatha kulowa pakati pawo. Koma ndinakumbukira mawu a amuna anga: "Dziko lino cholakwa chaching'ono chimalowa mu kompyuta. Tikafuna kudzatenga Takondwa adzayang'ana zonse." Ndinakoka masutikesi n'kupita kofiira ndekhandekha.

Kunali mayi wovala yunifomu. Anaika mabotolo onse awiri patebulo.

"Onsewa ndi anu?"

"Limodzi ndi la agogo."

"Agogowo ali kuti?"

Ndinaloza kukhomo.

"Aliyense ali ndi lita yake," anatero mwaulemu ndithu, "koma azinyamula yekha. Awa ali m'chikwama chanu, ndiye ndi anu. Mutha kulipira msonkho, kapena musiye limodzi."

Pa khadi langa panalibe kanthu. Ndalama ndinali nditatumiza kumudzi tisananyamuke, ndipo zotsala zinathera pa botolo lomwelo. Lero ndikudziwa kuti ndikanangopempha kuti akawaitane Agogo, nkhani ikanathera pomwepo. Koma mawu a Chingerezi oti ndipemphere anandithawa onse. Ndinayang'ana mabotolo aja. Lina linali la Agogo, ondipatsa ntchito. Lina linali la bambo. Ndinakankhira la bambo kwa mayi uja, iye analemba kapepala, ndipo ndinatuluka.

Tinabwerera ku Leicester, za botolo lija Agogo sindinawauze. Lamulungu lotsatira bambo anafunsa, "Lilipo?" Ndinati netiweki yavuta, n'kudula foni. Amuna anga anati, "Ingogula lina ku shopu, adziwa bwanji?" Koma ine ndinali nditawauza bambo kuti ndagula pa nyanja, ndipo botolo la ku shopu likanakhala bodza.

Patatha milungu iwiri, ndikuwapesa tsitsi, Agogo anafunsa ngati ndalikulunga bwino botolo la bambo anga. Ndinayamba kulira chipeso chili m'manja. Anandikakamiza mpaka ndinafotokoza, Chingerezi chothyokathyoka, ndi za mwambo wathu womwe.

"Mtsikana wopusa iwe," anatero. "Ntchito yokhayo yanditsalira pampandopa ndi kunyamula zinthu pamiyendo, iwe n'kundilanda imeneyonso?" Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana. "Ndiye unasiya la bambo ako kuti ine ndisasowe jini? Adokotala anandiletsa kalekale, ndimangogula kuti ndiwakwiyitse. Tsegula kabatiyo, utenge botolo langa ukawapatse. Ndi la pa nyanja yomweyo."

Ndinakana katatu, monga timachitira. Anati akandimva ndikukananso andichotsa ntchito.

Ndinapita kumudzi mu Juni 2019, kwa milungu itatu, botolo nditalikulunga m'zitenje ziwiri. Pa bwalo la ndege ku Lilongwe ndinalitulutsa asanandifunse. Bambo wofufuza katundu pamenepo anaseka. "Limodzi lokhali, mayi? Pitani, akudikirani."

Njira yonse ndinkada nkhawa kuti ndinalonjeza wisiki koma ndabwera ndi jini. Titafika ndinaiwala zimenezo. Takondwa anali ndi zaka zisanu, wamtali, wometa. Anabisala kuseri kwa chitenje cha amayi. Atamukankhira kwa ine anagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Muli bwanji, anti?" Kenako anathamangira kwa bambo n'kukhala pamiyendo pawo. Ndinali ndisanaonepo mwana atakhala pamiyendo pa bambo anga. Ife tinkawaopa.

Ndinagwada n'kupereka botolo. Ndinayamba kunena kuti, "Bambo, si lija ndinakuuzani," koma sanayang'ane zolembedwa pa botolopo. Analigwira ndi manja awiri.

"Wabwera nalo wekha," anatero.

Analowa m'nyumba n'kuliika pamwamba pa kabati.

Ndinadikira kuti aitane anzawo akale. Dzuwa linapendeka, palibe anabwera. Tikutsuka mbale kuseri, ndinafunsa amayi kuti alitsegula liti.

"Atsegula? Kodi sukudziwa? Abambo ako anasiya mowa mwezi womwe unapita. Tsiku lina anabwera ataledzera, Takondwa akulira kukufuna iwe. Anati amunyamule, mwana anakuwa n'kuwathawa. Anakhala pakhonde mpaka mowa unawathera. Kuyambira pamenepo ngakhale masese salawa."

"Nanga botololi ankalifuniranji zaka zonsezi?"

Amayi anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Ndalama umatumiza pa foni. Zithunzi pa foni. Mawu pa foni. Botolo lingalowe mu foni? Iwe ndi abambo ako ndinu amodzi, pakamwa ngati anakusokani. Akanati chiyani, kuti ndakusowa? Anayamba anenapo zimenezo?"

Ndinatsuka mbale imodzi ija kwa nthawi yaitali.

M'mawa mwake ndinamva bambo akutenga khasu. Ndinatenga la amayi n'kuwatsatira kudimba. Takondwa ankayenda pakati pathu, atagwira chala cha agogo ake, akundiba ndi maso. Tili m'njira ndinayamba kulankhula. Ndinawauza za chipinda cha ku Beaumont Leys, za kulira m'bafa, za mafuta ophikira, za njira yobiriwira ndi yofiira, ndi za botolo lawo lenileni lomwe ndinalisiya patebulo ku Southampton. Sindinalankhulepo nawo motalika choncho chibadwire. Anamvetsera osandidula mpaka tinafika pa mizere ya kabichi.

"Ndiye amalola limodzi basi?" anafunsa.

"Limodzi, bambo."

"Pa ulendo umodzi?"

"Pa ulendo umodzi."

Anakhazika khasu pansi n'kuyang'ana dothi.

"Lamulo labwino limenelo," anatero. "Lija unasiya lija, udzabwere nalo."