Shawelo imene a Enid anaisiya panjira

A Everson anali mlonda wa nkhalango ya bulugamu pa esiteti yathu. Ntchito yawo inali yothamangitsa amayi otola nkhuni, koma kunena zoona palibe amene ankawaopa. Anali munthu wamfupi, wa jekete lowaposa msinkhu, ndipo akakupeza ndi mtolo pamutu, oyamba kupepesa ankakhala iwowo. Ine ndinkathyola tiyi m'munda woyandikana ndi nkhalangoyo, ndipo kumalaini, kunyumba za antchito, nyumba yanga inali khoma limodzi ndi yawo, choncho za anthu amenewa ndikuzidziwa, musanditsutse.

Akazi awo, a Enid, anali katswiri woluka. Ulusi wa m'sitolo sankaudziwa. Loweruka ankapita pa kaunjika kukasankha majuzi akuluakulu amene eni ake kunjako anatopa nawo. Akabwera nawo ankawamasula, ulusi n'kuukulunga pa miyendo ya mpando, n'kuunyowetsa kuti uwongoke. Singano yawo inali sipoko ya njinga imene a Everson anaipinda kunsonga n'kuisalaza ndi tupa. Miyezi ya chiperoni, ana ambiri a pamalaini ankayenda ndi zipewa za a Enid.

Mu 2002, chaka cha njala chija, anayamba kuluka chinthu choyera cha makona anayi, kuyambira pakati n'kumazungulira. Tikawafunsa ankati ndi nsalu ya patebulo. Tebulo lake liti? M'nyumba mwawo munalibe. Tonse tinadziwa kuti mwana wawo mmodzi yekhayo, Tikhala, amene ankakhala kumudzi ku Goliati, ndi woyembekezera ndipo imeneyi ndi shawelo. Koma za mwana amene sanabadwe sizitchulidwa pakamwa, ndiye tinkangoyamikira kuti tebulolo lidzakongola.

A Enid sanadwale nthawi yaitali. Anamwalira shawelo ija itakula ngati lichero. Maliro anapita ku Goliati, kwawo kwa mkazi, kumene a Everson anali mkamwini ndipo anamangako nyumba ya njerwa zootcha. Patapita kanthawi, abale a malemu anasonkhana kuti awasudzule. Anagawana zitenje ndi mapoto, kenako akuluakulu anawauza mwaulemu wonse kuti anawasungira bwino m'bale wawo, tsopano amasuka, akafuna kukwatira akwatire. Palibe amene anawanyoza, ndipo ine chimene chimandipweteka n'chimenecho, chifukwa ukanyozedwa umakhala ndi wokangana naye. Kwawo kwenikweni ku Phalombe anachokako ali mnyamata, owadziwa onse anali kumanda. Anabwerera kumalaini ndi kachikwama kakang'ono.

Kupita ku Goliati palibe anawaletsa. Koma a Everson anali munthu wamanyazi, ndipo ankaona kuti wosudzulidwa akatulukira pamudzi chimanjamanja, anthu amafunsana kuti watsata chiyani. Ankafuna chowatengera kumeneko kuti akamuone mdzukulu wawo akabadwa. Shawelo ija sinagawidwe nawo, inatsalira m'jumbo kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina masana ndinalowa m'nkhalango muja, tinene kuti ndinkafuna mthunzi. Ndinawapeza atakhala pachitsa, chibonga chili pansi, singano ya sipoko ili kumanja. Ankakoka ulusi pang'onopang'ono, nkhope itayandikira, kuti aone mmene unalowera ndi mmene unatulukira. Akamasula mzere ankayesa kuubwezera. Ukakanika, ankamasula wina wotsatira kuti aonetsetse bwino. Anakhala akuchita zimenezi kwa masabata, ndipo lichero lija linali litabwerera kukhala ngati kambale ka ndiwo.

"A Everson, mukutani?"

"Ndikuona mmene ankadutsira mayi."

"Kuona? Mukuwamaliza! Manja awo atsala pamenepa pokha, inu muli kalikiliki kuwafufuta!"

Ndinakalipa kwambiri, ndine wapakamwa. Iwo anayang'ana mulu wa ulusi wopotanapotana umene unali pamiyendo pawo, ndipo ndinaona kuti zimenezi anali asanaziganizire. Sanalire. Anangoika kashawelo kaja pabondo n'kumakasalaza ndi chala. Ndinawamvera chisoni.

Ndinati andipatse ndiwamalizire, poti a Enid omwewo anandiphunzitsa pang'ono. Anakana. Anati ine ndingowaonetsa, kuluka aluka okha. Ndiye tikamadikira thirakitala pasikelo yoyezera tiyi, ndinkazemba n'kukawagwira zala. Zala zake zotani! Zouma ngati nkhuni zimene ankalonderazo. Ankakoka ulusi ngati akumanga mbuzi. A Lestina a laini yachiwiri anafalitsa kuti ine ndikudzikonzera banja, amuna a kufakitale nawo ankawafunsa kuti alowa liti bungwe la amayi. A Everson ankaseka nawo pang'ono, n'kubwerera pachitsa pawo. Kunyumba, kudzera pakhoma, sindinkamva wailesi kapena chifuwa cha mlendo. Ndinkangomva mpando ukukwekwerezedwa kutsata kuwala kwa pakhomo.

Uthenga unafika kuti Tikhala wachira, mwana wamkazi, dzina lake Suwi. A Everson anachapa shawelo ija, n'kuiyanika mkati mwa nyumba kuopa fumbi, Lamulungu n'kukwera matola. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza okha.

Anawalandira a Marita, akulu awo a malemu. Anawatulutsira mpando pakhonde la nyumba imene anamanga okha ija, n'kuitana ana kuti adzapereke moni kwa alendo. Mawu akuti alendo amenewo anawamva bwinobwino. Tikhala anatuluka ndi khanda, anagwada, ndipo iwo anapereka jumbo. Tikhala atatambasula shawelo ija, pakati panali pofewa, maluwa ake ooneka bwino, koma kuzungulira konseko kunali kolimba ndi kokwinyika ngati mkeka wonyowa.

"Ababa, amayi analekezera pati?"

Iwo anaika chikhatho pakati paja, ndipo chinaphimba ntchito yonse ya a Enid. Anafotokoza zimene anachita, osabisa. Tikhala anayang'ana shaweloyo mpaka m'mbali. Kenako anaona kuti pakona imodzi ulusi ukulendewera, diso lomaliza lili lotsegula, atangolikola ndi kamtengo ka machesi kuti lisathawe.

"Komatu simunamalize."

"Ulusi unandithera pamenepo."

"Ndiye mudzabwere nawo wina. Mwanayu akukula, iyi imuchepera posachedwa."

A Marita anati shaweloyo ndi yokwana kale, koma Tikhala anachita ngati sanamve. Anamukulunga mwana momwemo, kamtengo ka machesi kali pomwepo, n'kuwapatsira bambo ake.

Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha a Everson ankapita pa kaunjika, kumasula juzi, kunyowetsa ulusi, Lamulungu n'kukwera matola. Shawelo sinkachoka ku Goliati. Ankafika, kukhala pampando wa alendo uja, kuluka mzere umodzi kapena iwiri mwana akusewera pamapazi pawo, dzuwa likapendeka n'kutsanzika. Sanagoneko ngakhale tsiku limodzi. Majuzi oyera sapezeka nthawi zonse, ndiye munalowa zobiriwira, zofiira, ndi chikasu china chonyansa chimene ndinawaletsa koma sanamve. Masiku ena onse a mwezi ankakhala okha, kuphika okha, kudya okha chitseko chili chotseka. Sanakwatirenso.

Mu 2009, Suwi atayamba sukulu, ndinapita ku Goliati kumaliro ena ndipo ndinachiona chinthucho chitayanikidwa pachingwe. Shawelo yanji! Chinali chibulangete chokwana bedi la anthu awiri, cholemera, chopindika m'mbali, moti Tikhala anati pochapa amachita kugwirizana ndi amuna ake. Pakona panali pakulendewerabe ulusi.

Nditabwerako ndinawapeza a Everson pachitsa pawo, tsitsi litayera, maso akuvutikira kuona nsonga ya singano.

"Inu, chinthu chija chakwana. Mwana adzakanika kupuma. Bwerani ndikuonetseni katsekedwe kake, n'kosavuta, mumangodula ulusi n'kuukoka."

Anapitiriza kukulunga ulusi wawo osandiyang'ana.

"Kutseka ndimadziwa, mayi. Ndinadziwa kalekale. Koma ndikatseka, kumene kuja ndizikatani?"